Kayaki, boti ndi injini zikamabedwabe ngakhale mukukhoma: fufuzani pamene pafooka

Boti la munthu wokhala mu Lilongwe limatha nthawi yaitali pamtunda kuposa pamadzi. Ku Senga Bay ndi mtunda wopitirira makilomita 100 pamsewu wa M14, ndipo ngakhale ku damu la Kamuzu ku Malingunde sikopita tsiku ndi tsiku. Ndiye kayaki, kabwato kakang'ono kopalasa ndi nkhafi, imakhala miyezi itatsamira khoma kuseri kwa nyumba, boti la injini lili pa thirela pansi pa mtengo wa mango, litafunda lona. Wakuba amakhala ndi nthawi yokwanira yoliona, kuliyeza ndi maso, n'kukapeza galimoto.

Munthu akaberedwa amathamangira kukagula loko wamkulu kuposa woyamba uja. Kawirikawiri vuto silikhala loko. Pokhoma boti pali zinthu zinayi: pamene mwakoleka pa botilo, unyolo kapena waya, loko, ndi chimene mwamangirirako. Wakuba amangofuna chimodzi chofooka pa zinayizi. Choncho musanagule kalikonse, pitani pamalo pamene panali botipo muone zimene zatsala. Zimenezo ndi zimene zikuuzeni chofunika kukonza.

Loko ali chikhomere, unyolo uli bwinobwino, koma kayaki palibe

Apa ndiye kuti munakoleka pa chogwirira. Zogwirira za kutsogolo ndi kumbuyo kwa kayaki ndi zonyamulira basi: zimagwidwa ndi kachingwe kapena timasikuluwu tiwiri, ndipo mpeni kapena sikuludiraiva imazichotsa mphindi imodzi isanathe. Chimodzimodzi zingwe zotamuka za pamwamba ndi timakoko tapulasitiki ta m'mbali. Unyolo uyenera kudutsa m'thupi la kayakiyo, pamalo pamene wakuba sangauchotse popanda kuiwononga mpaka kusagulitsika.

Kayaki yokhalira pamwamba imakhala ndi mabowo otulutsira madzi opyoza kuchokera pamwamba mpaka pansi. Amenewo ndi malo ake. Yezani kukula kwa bowo musanapite kusitolo, chifukwa mphete ya unyolo wa mamilimita 10 imakhala yotambalala pafupifupi mamilimita 35 ndipo m'mabowo ambiri siilowa. Wa mamilimita 8 ndi umene umakonda kukwana. Uvekeni chubu chakale cha njinga pamene ukukhudza pulasitiki. Khoma la bowoli ndi lopyapyala, ndipo likakhulika kayaki imayamba kulowa madzi pamalo ovuta kuwotcherera. Musamakokere kayaki pa unyolowo.

Kayaki yokhalira m'kati ilibe mabowo amenewa. Zina zimakhala ndi kachitsulo kokhomerapo kumbuyo kwa mpando. Ngati kalipo, onani ngati manati ake ali m'kati mosafikirika. Ngati palibe, gwiritsani ntchito waya wa mikombero iwiri: mkombero wina umalowa kumphuno, wina kumchira, ndipo waya wapakati umazungulira chomangirirako. Njirayi imagwira ntchito chifukwa kayaki ndi yonenepa pakati, yoonda kumapeto. Chimene chimalakwika ndi kusiya waya wapakati wolendewera. Mukakhoma, kankhani mkombero umodzi molunjika kumapeto ndi mphamvu zanu zonse. Ukavuka, wakuba nayenso auvula. Kulungani wayayo kawiri kapena katatu pa chomangirirako mpaka ulekeretu kusuntha.

Waya wadulidwa kapena loko wathyoledwa

Waya wokhomera njinga wokutidwa ndi pulasitiki amaoneka wonenepa, koma mukasenda mupeza kuti chitsulo chake ndi chochepa ngati pensulo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Waya ndi timawaya ting'onoting'ono topotedwa pamodzi, ndipo ngakhale pulayala yabwino imatidula pang'onopang'ono popanda phokoso. Waya ndi wa paulendo, poima mphindi zochepa masana. Pakhomo ndi usiku pamafunika unyolo.

Si unyolo uliwonse. Wamba uja wogulitsidwa pa mita, wonyezimira, ndi wachitsulo chofewa. Chodulira zitsulo cha mikono iwiri, bolt cutter, chimaudula ngati nzimbe. Funsani wachitsulo cholimbitsidwa, wa mamilimita 10 kapena kuposa pamene bowo likulola, wa mphete zazifupi. Kuti mudziwe, pitani ndi tupa kusitolo: pa chitsulo chofewa tupa amaluma n'kusiya mzere, pa cholimbitsidwa amangoterereka.

Loko akhale wa khosi lobisika, kapena wozungulira ngati mbale amene khosi lake limaoneka pang'ono chabe. Khosi likhale lonenepa mofanana ndi unyolo. Mpata wotsala m'kati mwa khosi ndi umene wakuba amalowetsamo chitsulo n'kukanula, choncho loko wa khosi lalitali ndi wosathandiza ngakhale atalemera bwanji. Dzazani khosilo ndi mphete ziwiri za unyolo, pasatsale malo.

Chinthu china chimene anthu sachilabadira: unyolo ndi loko zisagone pansi. Zikakhala pa simenti, wakuba amatsamiritsa mkono umodzi wa bolt cutter pansi n'kutsikira winawo ndi thupi lonse, kapena amamenya loko ndi hamala simentiyo ili ngati chosulira. Zikakhala m'mwamba, zokoka, mphamvu zake zimathera m'manja. Fupikitsani unyolo, ndipo loko akhale pansi pa kayaki kapena pakati pa kayaki ndi khoma pamene chida sichingalowe bwino.

Grinder ya batire imadula zonsezi, tisanamizane. Koma imalira ndi kuthetheka moto, ndipo unyolo wolimba umafuna kudula mphete mbali zonse ziwiri. Mphindi zimenezo ndi zimene mukugula, kuti galu auwe, mlonda adzuke, nyale iyake.

Fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala limalowa m'maloko, kenako mvula imabwera n'kuumitsa zonse. Loko akayamba kuvuta, anthu amangomukoleka osamukhoma. Thirani timafuta topepuka miyezi itatu iliyonse, bowo la kiyi liziyang'ana pansi, ndipo muvekeni botolo lapulasitiki lodula.

Zonse zapita pamodzi ndi chomangirirako

Mpope wa madzi, mzati wa shedi ya galimoto wogwidwa ndi mabawuti anayi, mtengo wa papaya, chitsulo cha pawindo chowotcherera mongodontheza: zonsezi zimachoka msanga kuposa unyolo. Mzati waufupi nawo, wakuba amangokweza unyolo n'kuutulutsira pamwamba.

Chokhalitsa ndi kuumba chomangirira pansi. Kumbani dzenje la masentimita 50 mulitali, 50 mulifupi ndi 50 kuya, lotambalala pang'ono kumunsi kuti lisazuke. Sakanizani muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi itatu ya miyala ya kwale. Thumba limodzi la makilogalamu 50 limakwana, ndipo chiumbocho chimalemera pafupifupi makilogalamu 300. Ambiri amazika chitsulo cha konkire chopinda kuti chituluke pamwamba ngati chogwirira, koma chitsulo chimenecho sowo ya zitsulo imachidula. Chabwino ndi kukwirira paipi ya mamilimita 75 yopindika, makamwa ake awiri alekezere pamwamba pa simenti, unyolo uzilowa kwina n'kutulukira kwina. Pamenepo palibe chotulukira kunja choti n'kudula kupatula unyolo womwewo. Boolani kabowo pansi pa paipi ndipo muike timiyala kunsi kwake, kuti madzi a mvula asaime n'kudyetsa unyolo dzimbiri. Thirirani madzi masiku 7 musanayambe kugwiritsa ntchito.

Ngati nyumba ndi ya lendi ndipo eni ake sakulola kukumba, pyozani khoma: chitsulo chafulati mbali zonse ziwiri, mabawuti odutsa, manati ali m'kati mwa galaja atawotcheredwa. Mabawuti ongolowa theka la njerwa amazuka, makamaka pa khoma lomangira dothi.

Boti lilipo, injini yapita

Pa zonse, injini ndi imene ili ndi msika wachangu. Kayaki ndi yaitali mamita 3 kapena 4, ya mtundu wowala, yovuta kubisa, ndipo ogula ndi ochepa. Injini ya boti imalowa m'buti ya galimoto yaing'ono, ndipo m'madoko a asodzi m'mbali mwa nyanja yonse imafunika tsiku lililonse, yathunthu kapena yophwasula. Injini ya Yamaha Enduro ya mphamvu ya mahatchi 15 imalemera pafupifupi makilogalamu 40. Munthu mmodzi amaisenza paphewa. Ya mahatchi 40 imalemera pafupifupi makilogalamu 70, ndipo anthu awiri amaidutsitsa pampanda.

Injini zazing'ono zimagwidwa ndi zomangira ziwiri zopotokola ndi manja. Zogwirira zake zili ndi timabowo, ndipo anthu amadutsitsamo loko kuti zisazungulire. Zimathandiza pang'ono, koma zogwirirazo ndi zachitsulo chosachedwa kuthyoka; kumenya kamodzi, loko wagwa. Pitani kwa wowotcherera akupangireni paipi ya makona anayi, ya chitsulo chokhuthala mamilimita 3 kapena kuposa, yong'ambidwa mzere mbali imodzi kuti izilowa mokhwekhwereza n'kuphimba zogwirira zonse ziwiri. Mbali imodzi ikhale yotseka, inayo ikhale ndi bowo la loko wobisika m'kati. Pitani ndi injiniyo kapena miyeso yake yeniyeni, chifukwa paipi yokula kwambiri imalola zogwirira kuzungulira m'kati mwake.

Injini yokhala pa boti nthawi zonse imangidwe ndi mabawuti odutsa thabwa la kumbuyo. Mabowo ake alipo kale pa chitsulo chogwirira injini. Mabawuti akhale osachita dzimbiri, ndipo nati imodzi ikhale ya kiyi wakewake, ngati zija zotetezera matayala a galimoto. Pakani zomatira zotseka madzi m'mabowo musanalowetse mabawuti, apo ayi madzi alowa m'thabwa ndipo pakatha zaka zochepa lawola. Dziwaninso kuti pa boti lamatabwa kapena la fibreglass, wakuba wofunitsitsa amacheka thabwa lonselo n'kunyamula pamodzi ndi injini. Mwataya injini, mwatayanso boti.

N'chifukwa chake ife timati injini iliyonse imene anthu awiri angainyamule isagone panja mu Lilongwe. Ichotseni mukangofika kuchokera kunyanja. Iimikeni chilili kaye kuti madzi onse atuluke. Isungeni choimirira pa thabwa lokhomera kukhoma m'chipinda chokhoma, itamangidwanso unyolo. Ngati mukuigoneka, mutu ukhale pamwamba kuposa propela, kuti madzi otsalira asabwerere m'injini. Ya 4-stroke, yosasakaniza oilo ndi petulo, imagonekedwa mbali imodzi yokha imene buku lake lanena. Mukaigoneka mbali inayo oilo amalowa m'masilinda. Thanki ya petulo isalowe m'nyumba yogona anthu.

Pa injini yaikulu yosachotseka, akuba amatenga ziwalo. Propela imagwidwa ndi nati imodzi ndi kapini kopinda. Kuichotsa ndi mphindi ziwiri. Ichotseni nokha, ndipo sungani nati, kapini ndi mawashala m'kathumba kamodzi. Washala wokhuthala wa pakati pa propela ndi injini musamuiwale pobwezeretsa, chifukwa popanda iye propela imadya chikwama cha magiya. Chikwama cha magiyacho nachonso chimagwidwa ndi mabawuti ochepa, choncho limodzi likhale la kiyi. Batire, paipi ya mafuta ndi kachingwe kozimitsira injini zilowe m'nyumba.

Thirela yakokedwa ndi boti lomwe

Loko wa pa chogwirira cha chokolekera thirela ku galimoto amangoletsa kukweza chogwiriracho. Wakuba safuna n'komwe kukoleka bwino: amamanga mphuno ya thirela kumbuyo kwa pikapu ndi chingwe, kapena ndi unyolo wanu womwe wotetezera paulendo, n'kuchoka pang'onopang'ono. Tsekani kamwa la chokolekera ndi loko wokhala ndi mpira wa mamilimita 50 wolowa m'kati, ndipo unyolo wotetezerawo muukhomere kumodzi.

Boti likakhala milungu osayenda, kwezani thirela pa zitsa zolimba, chotsani tayala limodzi kapena onse, muwasunge m'nyumba pamodzi ndi manati ake. Matayala amapumanso kudzuwa. Mphuno ya thirela iyang'ane kukhoma, osati kugeti, ndipo galimoto iime kutsogolo kwake usiku. Pobwezeretsa tayala, mangani manati, yendani makilomita 50, imani mumangenso.

Boti lenilenilo limangidwe ku thirela ndi unyolo kudzera pa mphete ya kumphuno. Lamba wa chokokera ndi nsalu chabe. Boti la aluminiyamu lisamaliridwe mwapadera, chifukwa ngakhale lopanda injini lili ndi mtengo kwa ogula zitsulo, ndipo likadulidwadulidwa palibe amene angalizindikire.

Panjira

Malamba omangira kayaki padenga la galimoto amamasuka ndi chala chimodzi. Mukaima kugula nsomba kapena makala, kapena kudya pa boma la Salima, pa Dedza kapena pa Golomoti, galimoto iime pamene mukuiona. Mukagona panjira, waya wa mikombero iwiri uja adutse pa mphete yokokera galimoto ya kunsi, osati pa zitsulo za padenga zokha, pakuti zambiri zimamasuka ndi kasipanala kamodzi. Waya wokhomera salowa m'malo mwa malamba. Poyenda mangani malamba awiri pakati ndi zingwe kumphuno ndi kumchira. Nkhafi, majekete oyandamitsa ndi mipando yochotseka zikhale m'galimoto. Muziyenda ndi makope a malisiti, chifukwa pa malodibuloko apolisi akhoza kufunsa umboni wa umwini, ndipo ndi bwino kuti azifunsa.

Pagombe: wakuba kapena mwera?

Musanaloze munthu chala, onani chingwe. Chodulidwa ndi mpeni chimakhala ndi mapeto osalala; chokhulika pa mwala chimakhala chamanyenje. Ngati chingwe chili chathunthu koma mfundo palibe, kumbukirani kuti chingwe chapulasitiki cha buluu chija chimaterera ndipo mfundo zake zimamasuka zokha mafunde akamachigwedeza. Pamchenga yang'anani mzere wokokera ndi mapazi. Mwera, umene umawomba kwambiri kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, umachokera kummwera, choncho boti lotengedwa ndi mphepo mukalifunefune chakumpoto. Madzi a nyanja nawo amasintha malire: mu 2024 anakwera mpaka kulowa m'malo ambiri ogona alendo, ndipo mtengo umene munkamangirirako chaka china ukhoza kukhala m'madzi.

Kokerani kayaki kumtunda kopitirira pamene mafunde ausiku amafika, muivundikire, muikhome ku mtengo waukulu, nkhafi mulowe nazo. Ena amachotsa chotsekera bowo la madzi kuti wakuba amire nayo. Ife sitivomereza. Amene amatenga kayaki pagombe nthawi zambiri ndi ana ofuna kusewera, ndipo inunso tsiku lina mudzaiwala kubwezeretsa. Ngati muli ndi malo kunyanja kumene boti limatsala, dziwanani ndi anyakwawa ndi komiti ya pagombepo. Asodzi amadziwa boti lililonse la padoko pawo, ndipo lachilendo amaliona tsiku lomwelo.

Mpanda ulipo, mlonda alipo, zikubedwabe

Yambani ndi magetsi. Makina a mpanda wamagetsi ndi alamu amadalira kabatire ka 12V 7Ah magetsi akazima, ndipo kuzimazima kumakafooketsa msanga. Pakatha zaka ziwiri kambiri kamakhala katatha ngakhale nyale ya pamakina ikuyaka. Kayeseni: zimitsani magetsi a makinawo madzulo muone maola amene apirire. Dulani nthambi zokhudza mawaya. Ikani nyale ya sola yoyaka ikaona kuyenda, yolunjika pa boti. Usiku wa mvula yamphamvu pa malata, kapena jenereta ikamalira, phokoso la sowo silimveka, choncho masiku amenewo mlonda azizungulira kawirikawiri.

Kenako funsani kuti ndani akudziwa. Kayaki yofiira yoonekera pamwamba pa mpanda imadziitanira yokha. Itsitseni, muifunditse lona wosawala, zimene zimaitetezanso kudzuwa limene limaumitsa pulasitiki. Zithunzi za kunyanja muziika pa Facebook mutabwerako. Makiyi a maloko asakhale m'kanyumba ka mlonda kapena pa msomali wa kukhitchini. Pakhale kabuku kolembamo katundu wa panja, wosainirana posinthana m'mawa ndi madzulo. Kamateteza mlonda wokhulupirika kuti asanamiziridwe. Ndipo mlonda azilandira malipiro ake pa nthawi yake.

Chizindikiro chimene wakuba sangachipeze

Makayaki ndi maboti a kufakitale ambiri ali ndi nambala ya zilembo 12 kapena 14, yodindidwa kunja chakumbuyo, mbali ya kumanja. Ya injini ya Yamaha ili pa kachikwangwani ka pa chitsulo chogwirira, mbali ya kumanzere. Thirela ili ndi yake pa chimango. Zijambuleni lero, pamodzi ndi malisiti ndi zipsera zonse: pamene panakalika, pamene panamatidwa. Zithunzizo zisungidwenso kwina, osati mufoni mokha.

Nambala yoonekera imapalidwa, ndiye ikani yachiwiri yobisika. Penti sagwira pa pulasitiki ya kayaki. Lembani ndi chitsulo chotentha, mosazamitsa, m'kati pansi pa mpando kapena kuseri kwa chivundikiro. Pa injini khomani zilembo pamalo awiri pansi pa chivundikiro, pa chitsulo chokhuthala.

Kachipangizo ka GPS kogwiritsa ntchito simukhadi ya TNM kapena Airtel kamathandiza ngati mukukumbukira kukatchaja ndi kuikamo mayunitsi. Simukhadi yosagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali imatsekedwa. Kamagwira bwino pansi pa pulasitiki kapena fibreglass, koma osati m'kati mwa chitsulo. AirTag, yolondolera katundu ya kampani ya Apple, imadalira mafoni a iPhone odutsa pafupi, choncho mu Area 10 ku Lilongwe ikhoza kuonetsa, koma kumudzi wa m'mbali mwa nyanja ikhoza kukhala chete masiku ambiri.

Zikabedwa

Musakhudze loko wodulidwa kapena kupondaponda pamalopo, jambulani kaye. Kanenani kupolisi ya dera lanu tsiku lomwelo, mutatenga manambala ndi zithunzi, ndipo mutenge lipoti lolembedwa, chifukwa a inshuwalansi sadzakumverani popanda limenelo. Werenganinso pepala la inshuwalansiyo: mapangano ambiri amafuna umboni woti katunduyo anali wokhomedwa, ndiye loko wothyokayo musamutaye. Tumizani nambala ya injini kwa amakaniko a injini za maboti ndi makomiti a m'madoko a ku Salima, Nkhotakota, Monkey Bay ndi Mangochi, ndipo pemphani apolisi adziwitse anzawo a pa zipata za Mchinji ndi Dedza.

Mukaona katundu wanu akutsatsidwa pa intaneti, sungani zithunzi za malondawo ndi nambala ya wotsatsa, musamuuze kuti ndi wanu, ndipo musapiteko nokha kapena ndi gulu la anyamata. Pitani ndi apolisi. Za chizindikiro chobisika chija muuze wapolisi wofufuza yekha, ndipo muchionetse pamaso pa mboni.

Pogula injini kapena kayaki yogwiritsidwapo kale ntchito, yerekezani nambala ya pa katunduyo ndi ya pa lisiti, ndipo lembani kalata yogulitsirana yokhala ndi nambala ya chiphaso cha unzika cha wogulitsa. Kachikwangwani kochotsedwa, malo opalidwa kumene pa chitsulo chogwirira, kapena penti watsopano pamalo a nambala pokha, katunduyo musiyeni. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo mwini wake akapezeka, apolisi amatenga injiniyo ndalama zanu osabwerera.